Zimene Ndinayankha Pakhomo

Mkazi wanga anamwalira mu Januwale, nthawi yothyola fodya, tikukhala pa famu ina ya kufupi ndi Trelawney imene tonse awiri tinabadwirapo. Makolo athu anachokera ku Tete, ndipo ife tinakulira m'komboni imodzi, nyumba zathu zitayang'anizana. Iye ankasankha fodya m'shedi. Ine ndinachita mwayi wopita ku koleji ku Chinhoyi, ndipo nditabwerako anandipatsa ntchito yoyang'anira moto wa m'mabani owotchera fodya. Anthu ankanditcha a koleji. Iyenso ankanditcha choncho akafuna kundiseka.

Mu Okutobala, iye ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, a pa famu ananditumiza ku Chinhoyi kukachita maphunziro a masabata awiri. Kumeneko ndinakumana ndi mkazi wina amene tinkaphunzira limodzi kale. Ndinagona naye. Sindifotokoza zambiri, chifukwa ndikayamba kufotokoza ndiyamba kudzikhululukira. Palibe anandikakamiza, ndipo sindinaledzere.

Kwathu kuli mwambo umene makolo anabwera nawo kuchokera ku Tete. Amati munthu amene wayenda kumbali asathire mchere m'ndiwo zimene ena adye, makamaka mayi woyembekezera, chifukwa amudula, ndiye kuti amudwalitsa kapena kumupha kumene. Ine ndinkauseka mwambowu. Ndinkauza anzanga kuti mchere ndi mchere, sudziwa kumene munthu anagona.

Mu Disembala miyendo ya mkazi wanga inatupa, ndipo ndinayamba kumuphikira. Tsiku loyamba ndinaphika repu ndi matemba. Nditatenga kachitini ka mchere, dzanja linaima lokha pamwamba pa poto. Ndinayesa kawiri. Kenako ndinapakula ndiwo zili choncho, n'kuika kachitini kaja pambali pa mbale yake.

Analawa, n'kundiyang'ana.

"A koleji, mwayamba liti kuopa mchere?"

"Anamwino anati muchepetse. Miyendoyo."

"Anati ndichepetse. Sanati inu musaugwire."

Anandiyang'ana kwa nthawi, ndipo ine ndinayang'ana sadza, nsima ya kuno. Kenako anatsina mchere, n'kuwaza m'mbale yake, n'kuwazanso m'mbale yanga.

"Idyani, zizizira," anatero.

Kuyambira tsiku limenelo, ndikamaphika ankadzuka pa mphasa pang'onopang'ono, atagwira msana, n'kudzathira yekha mchere ndisanafike pamenepo. Sanandifunsenso. Pa Khirisimasi amayi ake anadzadya kwathu, ndipo zinachitika chimodzimodzi, ine ndikutakasa nyama, iye akuthira mchere. Ndinadziwa kuti akudziwa. Ndinkadziuza kuti ndidzalankhula naye mwana akabadwa.

Tinakonza zoti akadikirire ku kiliniki sabata lomaliza, koma matenda anayamba kudakali masabata atatu. Linali Lachiwiri m'mawa, mathirakitala onse ali kumunda wa kutali. Anandiitana kuchokera kumabani, ndipo ndinapeza chitseko cha nyumba yanga chotseka. M'katimo munali apongozi anga, amayi awiri a mumpingo, ndi agogo ena amene ankabeleketsa azimayi m'komboni kuyambira ine ndisanabadwe. Panja, pansi pa mtengo wa mango, panakhala amalume ake a mkazi wanga, mlongo wake, ndi amuna ena awiri amene anali pa tchuthi tsikulo.

Ndinagogoda n'kunena kuti tipite ku kiliniki. Agogo aja anayankhira m'kati kuti mwana ali pafupi, ndisawasokoneze. Ndinakakhala pansi pa mango.

Cha m'ma teni koloko chitseko chinatseguka. Agogo anatuluka akupukuta manja, n'kuima pakhomo. Sanandiitanire kuseri. Analankhula pomwepo, amuna onse akumva.

"Mukwasha, mkamwini wathu, tabwerani."

Ndinapita, n'kunjuta monga mwa ulemu.

"Mwana wakana njira. Mwana akatere pali chimene chammanga. Ndikufunseni, miyezi yonseyi mwayenda bwino?"

Funso limeneli ndinkalidziwa. Aliyense wokulira m'komboni amalidziwa. Kubereka kukavuta, amafunsa mwamuna ngati anayenda kumbali. Akavomera, amati mwana wamasuka, ndipo amachita zina zonse zofunika. Akakana, amatembenukira kwa mkazi.

Kumbuyo kwanga amuna anasiya kulankhula. Kuseri kwa chitseko ndinaona mbali ya chitenje cha apongozi.

"Ndayenda bwino, agogo."

"Ganizani bwino, mwana wanga. Kunena n'kumasula. Palibe akumenyeni lero."

"Ndati ndayenda bwino."

"A koleji sachita zimenezo," anatero mlamu wanga ali pansi pa mtengo. "Awa mkazi wawo wachiwiri ndi bani."

Amuna anaseka. Inenso ndinamwetulira. Ndikukumbukira bwino kuti ndinamwetulira.

Agogo anabwerera m'nyumba, n'kutseka chitseko.

Makoma a nyumba za m'komboni ndi a njerwa imodzi. Ndinamva zonse. Anayamba momunyengerera. "Tchula, mwana wanga. Tchula, tonse ndife akazi." Kenako mawu anakula. Ndinamva apongozi akulira, akumupempha kuti asafe ndi mwana chifukwa cha manyazi. Ndinamva iye akunena kuti palibe, palibe, palibe, mawu akumka nachepa.

M'thumba mwanga munali foni, ndipo m'fonimo munali nambala ya dalaivala wa galimoto ya pa famu. Ndinaitulutsa, n'kuigwira m'manja. Ndinkadziwa zimene ndinaphunzira, kuti mwana samangidwa ndi tchimo, ndiponso kuti mayi akavutika nthawi yaitali amafunika chipatala. Koma ndinkadziwanso kuti ndikakankha chitseko chija, agogo atuluka n'kundifunsanso, pamaso pa amuna omwe aja, chimene ndikuthamangira. Ndinadziuza kuti ndidikire pang'ono, mwina mwana abadwa. Dzuwa linafika pamutu ndikudikira pang'ono.

Itadutsa thwelofu, mkazi wanga anavomera. Anati inde, analakwa, ndi dalaivala wa lole imene inabweretsa feteleza, munthu wa ku Harare, dzina lake sakulidziwa. Kenako chitseko chinatseguka, ndipo apongozi anatuluka maso ali pansi.

"Itanani galimoto," anatero, akulankhula ngati akuuza mtengo.

Tinamugoneka pa matiresi kumbuyo kwa galimoto, mutu wake uli pamiyendo panga. Apongozi anakhala kutsogolo ndi dalaivala. Msewu wa pa famu unali matope okhaokha. Titadutsa mabani anatsegula maso.

"Mwamva?"

"Ndamva."

"Musakwiye. Ndimangofuna atsegule chitseko."

"Ndikudziwa."

"Dalaivalayo ndamupeka. Ndinafuna munthu woti asakamupeze n'kumumenya." Anayesa kuseka, koma ululu unamugwira. Utapita anati, "Inu khalani chete. Manyazi a munthu mmodzi akwana pakhomo. Tidzakonza ndikachira."

Amenewo ndiwo mawu athu omaliza okhudza nkhaniyi. Sindinamupepese. Ndinangomupukuta thukuta ndi malaya anga.

Mwana anabadwira ku kiliniki, wamkazi, wamoyo. Koma magazi a mkazi wanga sanaleke. Namwino anandifunsa kuti matenda anayamba nthawi yanji, ndipo nditamuuza anangolemba. Anamukweza mu ambulansi ya ku Chinhoyi. Anamwalira dzuwa lisanalowe, tauni ikuonekera patsogolo.

Mtembo unafika pa famu Lachinayi, maliro n'kukhala Lachisanu. Pofika nthawiyo komboni yonse inali itamva za dalaivala wa lole.

Anthu anandichitira chifundo chachikulu, ndipo chimenechi ndicho chinandisautsa koposa. Amuna ankandigwira dzanja nthawi yaitali. Wina anati, "Pepani kawiri, achimwene." Wina anandiuza kuti ndidakali mwana, ndidzapeza wokhulupirika. Ndinamva amayi ena kuseri kwa nyumba akukambirana zoti mwanayo adzamuyang'ana makutu akadzakula pang'ono, aone ngati ndi anga. Ine ndinkangoti zikomo. Ndinkadziuza kuti ndikusunga mawu ake omaliza, kuti iye mwini ndiye anati ndikhale chete.

Lachisanu m'mawa mkulu wa mpingo anabwera kudzandiona. Ndi bambo wachikulire amene amasunga makiyi a sitolo ya pa famu, ndipo ndi yemwe anatidalitsa pa ukwati wathu. Anakhala pambali panga, Baibulo lili pabondo.

"Mwana wanga, akulu takambirana," anatero. "Ukudziwa lamulo la mpingo wathu. Munthu akavomera tchimo lotere, n'kumwalira asanabwezedwe, sitimuika ndi mwambo wonse. Pemphero tichita. Koma amayi sangamuveke yunifolomu, ndipo sangaimbe pomuperekeza."

Mkazi wanga anavala yunifolomu ya amayi a mumpingo chaka chimodzi tisanakwatirane, ali wamng'ono kuposa onse. Bulauzi yoyera ija ankaichapa payokha, n'kuisita Loweruka lililonse ndi simbi ya makala, akundithamangitsa kuti ndisayandikire ndi manja anga a fodya. Pa maliro a ena ndiye ankayambitsa nyimbo.

"Ndamva, abambo," ndinatero.

Ndinanenadi choncho. Ndikulemba kuti zidziwike kuti ngakhale pamenepo ndinali ndidakali chete.

Bokosi analiika pabwalo, pansi pa mango womwe uja. Amayi a mumpingo anabwera atavala zitenje wamba, n'kukhala chapatali. Mwambo usanayambe, amalume a mkazi wanga anaimirira n'kunena kuti banja lawo lili ndi mawu kwa mkamwini. Anabwera kutsogolo kwanga atanyamula nkhuku yomanga miyendo. Kumbuyo kwawo kunkabwera apongozi anga, akuyenda ndi mawondo.

Kwathu mpongozi ndi mkamwini amapewana. Tikakumana panjira, mmodzi amapatuka. Zaka zonse za ukwati wathu sindinawayang'anepo m'maso. Tsiku limenelo anafika pamapazi anga, pafumbi, n'kuyamba kuwomba m'manja pang'onopang'ono.

"Bambo, takulakwirani," anatero. "Ndinalera ndine. Mlandu ukhale pa ine. Koma khandalo musalitaye."

Ndinayang'ana nkhuku ija. Inali yoyera, imodzi mwa nkhuku zawo zitatu zimene ndinkazidziwa.

Amalume ataiika pansi, mkulu wa mpingo anatsegula Baibulo. Anati awerenga mawu ochenjeza amoyo, poti womwalira samvanso. Anayamba ndime ija imene imafunsa ngati munthu angafungatire moto zovala zake osapsa, kapena kuponda makala mapazi ake osawauka. Ndinkaidziwa ndimeyo kuyambira ku Sande sukulu. Ndinkadziwanso chinthu chimene aliyense wowerenga angaone, kuti mawuwo ndi a bambo akulangiza mwana wake wamwamuna. Ankawerengedwa pamwamba pa bokosi la mkazi, anthu akugwedeza mitu n'kumayang'ana bokosilo, pamene mwini wake wa mawuwo ndinali nditakhala pa mpando, nkhuku ya chipepeso ili pamapazi anga.

Ndinaimirira asanamalize.

"Abambo, imani kaye."

Anakweza maso.

"Dalaivala wa lole kulibe. Anamupeka kuti amutsegulire chitseko. Amene anayenda kumbali ndine, ku Chinhoyi, mu Okutobala. Agogo anandifunsa Lachiwiri pakhomo apa, ndipo ndinanama."

Ndinangoima.

Woyamba kusuntha anali mlamu wanga. Anandimenya kamodzi pakamwa, amuna n'kumugwira. Ankafuula kuti, "Unaseka! Ndinakuikira kumbuyo, iwe n'kumaseka!" Sindinadziteteze. Zimene ankanena zinali zoona.

Agogo aja anali atakhala pakati pa amayi. Analankhula osakweza mawu.

"Ndinakufunsa, mwana iwe."

"Munandifunsa, agogo."

"Kawiri."

"Kawiri."

Mkulu wa mpingo anaika chala pakati pa Baibulo n'kulitseka. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ukunena zoona, kapena ukufuna kumuphimba mkazi wako? Chifukwa ngati ukunama kuti aimbiridwe, ukuwonjezera tchimo pa tchimo. Amayi anayi anamumva akuvomera ndi pakamwa pake."

Sindinayembekezere funso limeneli. Ndinali nditanama bwino kwambiri moti choonadi chinkamveka ngati chifundo. Ena anayamba kung'ung'udza kuti a koleji ndi munthu wabwino, chisoni chawasokoneza mutu. Ndinalibe mboni. Mkazi wa ku Chinhoyi sindikanamutchula pamaliro, ndipo amene ankadziwa zonse anali m'bokosi.

Apongozi anali adakali chogwada. Manja awo anali atasiya kuwomba.

"Mchere," anatero.

Amalume anawerama. "Mukuti bwanji, achemwali?"

"Pa Khirisimasi ndinadya m'nyumba umu. Ankaphika ndi awa. Itafika nthawi ya mchere anabwerera m'mbuyo, mwana wanga n'kudzuka ndi mimba yake kukathira. Ndinaona ndi maso angawa, koma ndinati ndi masewera a ana." Anatembenukira kwa agogo aja. "Inu munatiphunzitsa. Mkazi wolakwa angathire mchere m'ndiwo zoti adye mayi ake omubereka?"

Agogo anati, "Sangathire."

Mkulu wa mpingo anavula magalasi. Anati, ngati akudzilankhulira yekha, feteleza wa chaka chimenecho anakamutenga okha ndi thirakitala ya pa famu, ndipo makiyi a sitolo anali nawo ndi iye, lole sinabwere. Anati akanayenera kukumbukira zimenezi Lachiwiri lomwelo.

Apongozi anadzuka. Kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana m'maso. Anatola nkhuku yawo, n'kuimasula miyendo, n'kuitaya uko. Kenako analowa m'nyumba mwanga osapempha, n'kutuluka ndi pepala lapulasitiki limene munali bulauzi yoyera ndi duku. Anapempha kuti wina akoleze makala a simbi.

Maliro anachedwa ndi maola awiri. Amayi a mumpingo anabalalika kupita kunyumba zawo, n'kubwerako atavala zoyera. Anatsegula bokosi, amuna tonse titatembenuka, n'kumuveka. Ponyamuka ulendo wa kumanda, panapita kanthawi nyimbo isanayambe, chifukwa woyambitsa anali iye. Kenako mayi wina anaiyamba motsika kwambiri, ena n'kuikweza.

Kumanda mkulu wa mpingo sanabwerere ku ndime ya moto ija. Anasimba mwachidule za mfumu imene inatenga mkazi wa msilikali wake, kenako n'kukonza zoti msilikaliyo afe kuti nkhani isamveke. Anati tchimo loyamba linali la mfumu yokha, koma lachiwiri, lobisa lija, ndilo linapha munthu wosalakwa. Sanandiyang'ane. Sanafunikire kutero. Ine ndinali kumbuyo kwa anthu onse, mlomo ukutupa, ndipo dothi ndinathira pomalizira.

Papita zaka ziwiri. Mpingo unandiimitsa, ndipo ngakhale nthawi yake inatha, ndimakhalabe pa benchi ya kumbuyo, pafupi ndi khomo. Mwana amakhala ndi agogo ake, monga mwa mwambo wathu. Za makutu ake palibe anazitchulanso. Apongozi amandilola kumutenga Lamlungu masana, koma amamupereka kudzera mwa mlamu wanga, ndipo sitinalankhulanepo chiyambire tsiku lija. Agogo obeleketsa aja anasiya ntchitoyo. Tikakumana ku mpope timapatsana moni, aliyense n'kuyang'ana chidebe chake.

Sindikhulupirira kuti mchere umadula munthu, ngakhale lero. Mkazi wanga anafa chifukwa chotaya magazi atachedwa kufika kuchipatala, ndipo anachedwa chifukwa cha zimene ndinayankha pakhomo. Ndime ya moto ija ndimaiwerengabe. Kale ndinkaimva ngati ikunena kuti wofungatira moto amapsa yekha, ndipo ndinali wokonzeka kupsa ndekha, mwakachetechete, tsiku lina. Koma ine ntchito yanga ndi moto. Tsamba limodzi louma likagwera pa paipi yotentha, silipsa lokha. Bani yonse imapita, ndi fodya wa anthu amene anathyola bwino, n'kumanga bwino, osalakwitsa kanthu.

Iye anandiuza kuti ndikhale chete, ndipo sindinamumvere. Nthawi zina ndimaganiza kuti akanandikalipira, kuti a koleji mwachititsa manyazi pakhomo. Koma pa mtanda wa pamanda pake, pansi pa dzina, amayi a mumpingo analemba ndi penti yoyera kuti anali mmodzi wa iwo. Mvula ikatha chaka chilichonse zilembozo zimafufutika, ndipo ndimapita ndi kachitini ka penti kukazibwezera.